Tinakwera phiri la Rungwe ndi kakampani ka ku Tukuyu: gaidi ndi katswiri, koma ku ofesi akonze zinthu

Chibwerereni ku Tanzania anthu akhala akundifunsa za ulendo wathu wa ku phiri la Rungwe, ena pa foni ena tikakumana pa msika kapena pa depoti, mafunso ake amodzimodzi, munapita ndi ndani, anakusamalani bwanji, kodi n'zoona kuti phirilo limafuka utsi. Nde ndati ndingolemba kamodzi mmene zinayendera, zabwino ndi zoipa zomwe. Dzina la kakampani kamene kanatitenga sinditchula, ndi kakang'ono ka ku Tukuyu komweko ka anyamata oti akuyesetsa ndipo sindikufuna kuwagwetsera bizinesi, koma inu amene mukuganiza zopita mudziwiretu zoti mufunse musanatumize ndalama.

Tinalipo anthu 5, ine, alamu anga ndi anzathu atatu amene timakwera nawo mapiri pa wikendi. Tinayambira timapiri ta kuno konkuno, ku Namizimu, ku Nkhudzi, kenako Zomba, chaka chatha mpakana tinakafika pa Sapitwa ku Mulanje. Sapitwa ndi mamita 3,002 pomwe Rungwe ndi 2,981, kusiyana kwake mamita 21 basi, koma mapiri awiriwa sanabadwe mofanana ayi. Mulanje ndi chimwala cholimba chimene chinaumira pansi pa nthaka kalekale, zozungulira n'kukokoloka icho n'kutsala chili njo. Rungwe ndi volokano, phiri loti linadziunjika lokha ndi phulusa ndi chiphalaphala chamoto chochokera m'mimba mwa dziko, ndipo panopa langogona, silinafe. Ife a ku Mangochi tili m'chigwa chomwecho cha Rift Valley momwe muli nyanja yathuyi, ife kumchira Rungwe kumutu, nde ine mtima wanga unali pokaona ndi maso mphamvu imene inang'amba dziko mpaka pakhale nyanja yomwe timaphamo chambo ndi usipa.

Kampaniyi tinaipeza pa Facebook. Mnyamata wa ku ofesi amayankha msanga pa WhatsApp, waulemu, Chingelezi chake chomveka bwino, anatitumizira pulogalamu ya masiku awiri, loyamba Rungwe, lachiwiri nyanja ya Ngozi ndi akasupe a madzi otentha. Anatitsimikizira kuti mtengo umene watipatsawo zonse zili momwemo, galimoto, chakudya, pogona, marenikoti, ndodo zokwerera, ife tingobwera ndi miyendo. Tinatumiza theka ngati dipoziti. Chimene chinandikopa kwambiri ine ndi chithunzi china chimene anatumiza, chidzenje cha pamwamba pa phiri nthunzi yoyera ili tolo, anthu ataima m'mphepete. Ndinachisunga mu foni, ndinaonetsa ana kunyumba kuti bambo anu akupita apa. Chithunzi chimenecho si cha Rungwe. Ndinazindikira nditaima pamwamba pa phiri lenilenilo, ndipo pa zonse zimene zinalakwika ichi ndi chomwe chinandiwawa, chifukwa Rungwe ali ndi kukongola kwakekwake kokwanira, panalibe chifukwa chokabwerekera chithunzi kwina.

Ulendo wake ndi wautali, wina asakunamizeni. Tinanyamuka pa Mangochi m'bandakucha, kudzera Golomoti, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay kukagona ku Mzuzu, mawa lake kutsika Chiweta, Karonga, kenako boda ya Songwe. Masiku awiri athunthu matako ali pa mpando. Koma njira imeneyi ili ndi phindu lake kwa munthu wofuna zimene timafuna ife, chifukwa madzi otentha umakumana nawo kwathu konkuno usanawoloke n'komwe. Ku Mawira ku Nkhotakota anthu amasamba ndi kuchapa m'madzi otuluka pansi ali otentha kale, ndipo pa Chiweta m'munsi mwa zikhotakhota zija pali kasupe woti madzi ake amapitirira madigiri 70. Tinaimapo pang'ono, alamu anga anangogunditsa chala n'kuchotsa msangamsanga.

Pa boda sipanavute, a Malawi sitifunika viza, pasipoti basi. Tsidya linalo amapatcha Kasumulu, ndipo mukawoloka kumbukirani kuti wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi. Kuchoka pamenepo daladala, minibasi ya kumeneko, imangokwera mtunda, minda ya mpunga ya ku Kyela imatsala m'mbuyo n'kuyamba nthochi, tiyi, mapeyala, kubiriwira kwake ngati ku Thyolo koma nthochi zokha kumeneko n'zoopsa, nyumba zimachita kubisala mu nthochi. Tukuyu ili pa mamita pafupifupi 1,500, nthawi ya Ajeremani inkatchedwa Neu Langenburg, ndipo mu Ogasiti muja kwa munthu wozolowera dzuwa la ku Mangochi kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa. Pogona apa kampani inatisankhira bwino ndithu, sindinganame. Kagesiti hausi kaukhondo, mabulangete awiriawiri, madzi osamba otentha mu ndowa, ndipo mayi wa pamenepo anatiphikira nthochi ndi nyama ya ng'ombe zofanana ndi mbalagha ya ku Karonga, tinadya mpaka kunyambita zala. Anthu a kumeneko ndi Anyakyusa, abale awo a Ankhonde, moni wawo amati ugonile, ukamva umangoti aaa uyu ndi mwagona wathu yemwe uja. Alamu anga poti ndi Ayao oti Chiswahili amachimvako, anatithandiza kwambiri ulendo wonse.

Mavuto anayamba m'mawa wa tsiku lokwera. Mnyamata uja anatiuza kuti galimoto ifika hafu 5, ife 5 koloko tinali titavala kale tili panja mano akugundana. Galimoto inafika hafu 7. Dalaivala sanalakwe, anationetsa meseji mu foni mwake, anamuuza saa moja na nusu, ndipo apa ndikuuzeniko chinthu choti chikuthandizeni, Chiswahili chimayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, saa moja ndi 7 koloko m'mawa, saa mbili ndi 8, nde mukamapangana nthawi ndi aliyense kumeneko mufunse kawiri ndipo muyankhule ndi dalaivala mwiniwake osati ku ofesi kokha. Marenikoti anabwera awiri pa anthu 5. Ndodo kunalibe. Titafika polowera m'nkhalango ndi pamene tinamva kuti ndalama yolowera sinali mu mtengo uja, komanso poti Malawi sali mu East African Community, bungwe la mayiko a kum'mawa kwa Africa, sitilipira mtengo wa eni dera, timalipira wa alendo ochokera kunja, ndipo malipiro a boma kumeneko amadzera pa control number, nambala yolipirira imene amakupatsa, pa foni, nde netiweki imati ikabwera n'kuthawanso, ola lina linathera pomwepo. Lamulolo ndilibe nalo vuto, nkhalango imafunika ndalama yoisamalira, koma kampani imene ntchito yake ndi imeneyi imayenera kutiuziratu tili ku Mangochi kuti tikonzekere. Phazi loyamba m'nkhalango tinaponda 9 koloko itatsala pang'ono, pa phiri loti umafunika kuyamba kukungocha.

Tsopano gaidi. Apa ndi pomwe ndalama yathu inagwira ntchito. Ndi bambo wachikulire wa imvi zapatalipatali, anakulira pafupi ndi mishoni ya Rungwe imene a mpingo wa Moravian anakhazikitsa mu 1891, ndipo njira yathu inayambira chakomweko. Anavala magambuti, chikwanje m'manja, kachikwama kakang'ono kumsana, ali ndi mnyamata womuthandiza. Ife timawatchula kuti a mzee, iwo amatitchula majirani, kutanthauza aneba. Tisanayambe anatiimika pa mzere n'kuyang'ana nsapato za aliyense kunsi kwake, mnzathu wina anavala masinika osalala, a mzee anangopukusa mutu, anapita pa nyumba ina yapafupi n'kubwera ndi magambuti obwereka komanso ndodo zansungwi 5. Kenako anatiuza mosapita m'mbali kuti tachedwa, ndipo 2 koloko ikakwana paliponse pamene tili tibwerera, olo pamwamba patatsala pang'ono bwanji. Mnzathu wina anafuna kutsutsa poti tachokera kutali, iwo anangoti jirani, phiri lidzakhalapo chaka chamawa, ine ndikufuna inu mukafike kwa ana anu. Kuchokera pamenepo ndinawakhulupirira.

Nkhalango ya Rungwe ndi ina, sindinaonepo yotero. Ku Mulanje umayenda pa mwala nthawi yambiri, dzuwa likukuomba, apa umalowa ngati mu nyumba ya mdima, mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zilambe zikulendewera, pansi chinyezi chokhachokha olo munali mu Ogasiti mvula italeka. Mbali zina za phiri limeneli zimalandira mvula yofika mamilimita 3,000 pa chaka, ndi amodzi mwa malo a mvula yochuluka zedi mu Tanzania yense, nde matope ake ndi oterera ngati therere. A mzee samathamanga, amayenda sitepe imodzimodzi yomweyo osasintha, akaona mzere wa linthumbu amaimika dzanja tonse n'kudumpha. Amadziwa mtengo uliwonse ndi ntchito yake, uwu wa m'mimba, uwu njuchi zimaukonda. Tinaona anyani akuda a ubweya woyera m'mapewa aja akudumpha m'mwamba. Koma amene ndinkafunitsitsa ine ndi kipunji, pusi woti asayansi anamupeza pa phiri lomweli mu 2003 n'kumulengeza mu 2005, ngakhale Anyakyusa ankamudziwa kuyambira kale ndipo dzinalo ndi lawo. Amapezeka kuno ndi ku mapiri a Udzungwa basi, ndi ochepa kwambiri. Nditawafunsa a mzee ngati timuone, anayankha kuti sangalonjeze chifukwa nyama si yawo. Chapakati pa nkhalango anatikhazika chete mphindi ngati 10, alamu anga akundinong'oneza kuti alamu dekhani, kuona maso a nkhono n'kudekha, kenako tinamva kulira kwina chakumunsi, kumayamba ngati hutala n'kuthera ngati galu akuuwa. A mzee anamwetulira n'kuloza ndi mlomo. Sitinamuone, tinangomumva, koma ine thupi linachita tsembwe.

Pamwamba pa nkhalango pamayamba nsungwi, nsungwi zokhazokha mtunda wautali, mphepo ikaomba zimagundana kumveka ngati anthu akumenya timitengo. Apa ndi pomwe phiri linayamba kudziulula kuti ndi volokano. Pamalo pomwe madzi anakumba njira, m'mbali mwake mumaoneka mizere ya timiyala totuwa ili mbuu, yosanjikizana ngati mikate. A mzee anandipatsa kamodzi m'manja, kopepuka ngati chitsononkho, kodzaza timabowo, kofanana ndi miyala ija amayi amakwechera zidendene. Anati ukakaponya m'madzi kamayandama. Timiyala timeneti ndi thovu la chiphalaphala lomwe linauma lili m'mwamba phiri litaphulika, mpweya n'kutsekeredwa mkati. Kuphulika kwakukulu kumene kunamwaza miyala yotere dera lonselo kunachitika zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ndipo phulusa lake ofufuza analipeza mpaka m'matope a pansi pa nyanja ya Malawi. Ndiye kuti minda yonse ya nthochi ndi tiyi ija ikudya chonde cha phulusa limeneli.

Mu nsungwi momwemo bondo la alamu anga linayamba kuvuta, bondo lomwe anavulala kale pa njinga. Anayesa kulimba mtima koma amachita kukoka mwendo. Ndinawafunsa, alamu mukwanitsa? Anati pitani alamu, mukandijambulire, ine ndikudikirani pompano. A mzee sanawakakamize komanso sanawachititse manyazi, anawamanga bondo ndi nsalu, anawapezera pouma, anawasiyira mnyamata uja, renikoti imodzi mwa ziwiri zija ndi fulasiki yawo ya tiyi, yawoyawo imene anabwera nayo kuchokera kunyumba. Zinthu ngati zimenezi sizilembedwa pa pulogalamu koma ndi zomwe umakumbukira.

Nsungwi zikatha pamabwera tchire lalifupi ndi udzu, mtunda wake wa chiimire, mpweya umayamba kuchepa, ife ochokera pa mamita osakwana 500 m'mbali mwa nyanja timangoti masitepe 20 n'kuima tili wefuwefu. Tinafika pamwamba 2 koloko itatsala mphindi 20. Chifunga chinali chitatseka ponseponse, mnzako ali apo osamuona bwino, mphepo yozizira ikubaya m'makutu. A mzee anati tikhale tidikire. Patapita kanthawi chifunga chinang'ambika ngati wina wakoka katani, ndipo kutsogolo kwathu kunaoneka chibeseni chachikulu, pafupifupi makilomita 4 kutambalala kwake, mkati mwake muli timapiri ting'onoting'ono tozungulira, tina tokhala ndi kadzenje pamwamba, zonse zitamera udzu ndi tchire. Kuli zii. Kulibe utsi, kulibe nthunzi, kulibe fungo lililonse. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa a mzee chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati jirani, apa si pano, ine ndakwera phiri lino kuyambira ndili mnyamata sindinaonepo utsi pamwamba pano. Nkhope yawo inaoneka kuti zawakhumudwitsa kuposa ine. Anatifotokozera kuti Rungwe anaphulika komaliza zaka mazana angapo zapitazo, ndipo analoza chakummwera cha kum'mawa komwe kuli phiri la Kyejo, limene linatulutsa chiphalaphala cha m'ma 1800, nkhani yomwe makolo a kumeneko ankasimbirana kuti moto unayenda pansi ngati mtsinje. Zaka 200 zokha, dzulodzuloli pa moyo wa phiri. Anamaliza ndi kuti moto wa phiri lino mukauona mawa, uli kumunsi osati kuno.

Chifunga chitayera mbali ya kummwera tinaona nyanja patali ikunyezimira, mapiri a Livingstone ataima m'mbali mwake ngati khoma. Iwo amati Nyasa, liwu lomwe alamu anga amatchula tsiku lililonse m'Chiyao. A mzee anatiwerengera mitsinje yochokera m'mapiri amenewa, Kiwira, Mbaka, Lufilyo, yonse imakathira m'nyanja. Ine ndinangoti phee kuganiza, nyanja yonseyi potulukira pake ndi pamodzi pokha, Shire, pakhomo pathu penipeni. Ndiye kuti ena mwa madzi amene ndimawaona akudutsa pansi pa buliji ya Bakili Muluzi ndikamapita ku ntchito anagwa ngati mvula pa nsungwi zomwe ndadutsamozi. Ndinajambula kavidiyo kokawaonetsa alamu anga manja akunjenjemera ndi kuzizira, 2 koloko itakwana a mzee anaimirira, sanawonjezere olo mphindi imodzi.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera, ndipo apa kulakwitsa kwa ku ofesi kunaonekeranso. Chakudya chimene anatipakira chinali buledi, dzira limodzi lowiritsa, nthochi ziwiri ndi botolo limodzi la madzi aliyense, pa ulendo wa maola opitirira 10. Tinapulumukira mtedza ndi mbatata yootcha zomwe tinagula tokha pa Tukuyu. Mdima unatipeza tili m'nkhalango chifukwa cha maola awiri aja tinataya m'mawa, matochi analipo awiri, ena timaunikira mafoni, alamu anga atakolowekedwa pa phewa la mnyamata uja. A mzee amayenda kutsogolo akutchula muzu uliwonse, dzenje lililonse. Tinatulukira hafu 7 usiku, matope mpaka m'mawondo, koma palibe anavulala.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe ndikuti pulogalamu yawo ndi yothinana mopitirira. Miyendo ili gwa, anatidzutsa m'mamawa kupita ku Ngozi, njira ya ku Mbeya. Alamu anatsala mu galimoto. Kukwera kwake ndi kwa ola limodzi, modutsa nthochi zakutchire zikuluzikulu, kenako umangotulukira m'mphepete mwa phompho, pansi penipeni pali nyanja yobiriwira ili phee mkati mwa chidzenje cha volokano, makilomita 2.5 mulitali, 1.6 mulifupi, kuya kwake mamita 74, makoma ake otsetsereka okutidwa ndi nkhalango. Mtsinje wolowa kapena wotuluka suoneka. Ofufuza anapeza kuti pansi pa nyanjayo pamatuluka madzi otentha. Malo oti munthu ukhale theka la tsiku ukungoyang'ana, ife anatipatsa mphindi 20 foni ya dalaivala ikungolira kuchokera ku ofesi kuti fulumirani. Daraja la Mungu, buliji yachilengedwe ya mwala wa chiphalaphala pa mtsinje wa Kiwira, inali pa pulogalamu koma sitinaiponde, nthawi inatha.

Kuchoka ku Ngozi tinabwereranso kudutsa Tukuyu kulowera ku Masoko, kuli kanyanja kena kozungulira ngati mbale, nakonso m'dzenje la volokano, ndipo kupitirira apo pa msewu wafumbi ndi pomwe pali akasupe a Kilambo. Apa ndi pamene ndinamvetsa mawu a a mzee aja. Madzi akutumphuka pansi, thovu likubwera mosalekeza ngati mphika watsala pang'ono kuwira, pozungulira pataundana miyala yoyera ndi yofiirira yomwe madziwo amasiya, ukaika dzanja sungalisiyemo nthawi yaitali, ukalawa ali ndi kamchere. A mzee anathyola kamtengo n'kujambula pansi. Anajambula phiri, mvula ikugwa, madzi akulowa m'ming'alu kutsika pansi kwambiri komwe miyala ikadali yotentha ndi moto wakale uja, madzi akatentha amapepuka n'kufuna potulukira, nde amatsata mng'alu waukulu womwe dziko linathyokera n'kudzatumphukira kuno kumunsi, kutali ndi nsonga ya phiri. N'chifukwa chake pamwamba pali zii koma m'munsi mukuwira. Thovulo ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo ku Kyejo umatuluka wambiri moti kuli fakitale yomwe imautapa n'kumagulitsa kwa opanga zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anatichenjeza kuti m'dera lotere usamagone kapena kutsikira m'maenje, mpweyawu ndi wolemera umakhazikika pansi ndipo sununkha. Ine ndinaphunzira zimenezi ku sekondale pa bolodi, koma bambo ameneyu ndi kamtengo kake anandimvetsetsa mu mphindi 5, alamu akumasulira pomwe Chingelezi chawathera.

Zimene zinandikhala mu mtima pobwerera ndi nkhani ya magetsi. Tanzania ili ndi kampani ya boma yoona za mphamvu ya kutentha kwa pansi, TGDC, ndipo Ngozi, Songwe ndi Kiejo-Mbaka ndi malo omwe ikugwirako ntchito yofufuza ndi kuboola, kuti nthunzi ya pansiyo idzazungulitse makina opanga magetsi. Songwe ameneyu ndi wa kufupi ndi Mbeya, si wa pa boda uja, mitsinje ya dzina limeneli ilipo iwiri. Kenya inayamba kale ku Olkaria mu 1981 ndipo lero gawo lalikulu la magetsi awo limachokera pansi, usana ndi usiku, mvula igwe isagwe. Ife magetsi athu ambiri amadalira Shire yemweyu, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi, asodzi ndi ogulitsa nsomba kuno anavutika ndi ayisi miyezi yambirimbiri. Nde podutsanso pa Chiweta ndinayang'ana kasupe uja ndi maso ena. Mng'alu ndi womwewo, kutentha kulipo, ndipo ndikulakalaka nditadzaona tsiku lomwe dziko lathu lidzaikepo mtima ndi ndalama zenizeni.

Kaya mupite ndi kampani imeneyi kaya ina, maganizo anga ndi awa. Gaidi ndi wofunika, m'nkhalango imeneija muli tinjira tambiri ndipo chifunga chimabwera mosachenjeza, musayerekeze kulowa nokha. Koma musanatumize dipoziti funsani kuti amene akutsogolereni ndi ndani, wakwera kangati, ndipo ngati n'kotheka muyankhule naye. Auzeni akulembereni chimodzichimodzi zomwe zili mu mtengo, makamaka ndalama yolowera m'nkhalango pa mtengo wa Mmalawi, paja safunsa anadya phula. Renikoti, jekete yokhuthala, tochi, jombo zogwira pansi, madzi malita awiri kapena atatu ndi kamba wanu tengani nokha olo akuuzeni kuti zilipo. Ndipo kanani za masiku awiri, pemphani atatu, Rungwe tsiku lake, lotsatira mupume n'kukaviika miyendo ku akasupe komwe madzi apolako, Ngozi ndi Kiwira tsiku lomaliza. Pitani pakati pa Juni ndi Okutobala, nthawi ya mvula njira imeneija sindikuona kuti munthu angaikwere bwinobwino. Pa 10, a mzee ndi mnyamata wawo ndikuwapatsa 10, pogona 8, ku ofesi 4.

Titafika ku Mangochi ndinamulembera mnyamata wa ku ofesi uja zonsezi, mwaulemu koma osabisa kanthu. Anayankha tsiku lomwelo, anapepesa za galimoto ndi marenikoti, anatibwezera kandalama ka Daraja la Mungu komwe sitinafikeko, za chithunzi anati anachipeza pa intaneti ndipo achichotsa. Ndinamutumizira zanga 6 zomwe ndinajambula chifunga chitang'ambika, ndinamuuza kuti agwiritse ntchito zimenezo ulele. Alamu anga bondo lapola, akuyenda pang'onopang'ono m'mawa uliwonse kuchoka pa wotchi ya Queen Victoria kukawoloka buliji n'kubwerera, akuti Julayi akubwerayu akufuna akamalize pomwe anasiyira mu nsungwi muja, ndipo tawauza kale a mzee kuti atisungire masiku atatu, limodzi likhale la Kyejo.